Mnzawo wa a Andiseni

Bwerani kuno kumthunzi, ana inu, dzuwa la Okutobala silimvera chisoni dazi la munthu. Iwe Mphatso sendera uko, wakhalira chipewa changa. Tadala, mkazi wanga wa m'tauni, ndiye ukuti wakwera minibasi kuchokera ku Lilongwe, n'kukweranso njinga yamoto mpaka kuno kwa Dzoole, fumbi mpaka m'nsidze, kudzandifunsa za Andiseni? Ine ndimayesa wandisowa. Ndinauza kale agogo ako kuti agwire nkhuku.

Chinthu ukupangachi wati dzina lake ndi podikasiti, wailesi ya m'foni imene munthu amamvera nthawi imene wafuna. Ndipo ukufuna kuyamba ndi mbiri ya a Andiseni a kwa Dzoole, munthu amene dziko lonse linamudziwa chifukwa choimba foni ku wailesi. Poti mwini wake sakutha kulankhula, ine ndikhale mboni. Chabwino, ika foniyo pampandopo, ndinena. Koma ndikuuziretu kuti mboni wasankhayi ili ndi nsanje, ndipo nsanje yake sinakalambe ngati mwini wake. Ukamva mawu akuwawa usadabwe.

Ndiyambire kwathu. Usakwinye nkhope, ine nkhani ndimaiyambira kutali.

Ku mapiri a Ntchisi kumene ndinabadwira, wailesi m'mudzi monse inali imodzi, ya aphunzitsi ena opuma ntchito. Inali yovala chikopa, ndipo Lamulungu masana ankaitulutsa pakhonde, ife n'kukhala pansi chapatali, manja m'maondo. Nyumba youlutsira mawu inalinso imodzi, ya boma. Zosankha kunalibe. Ikanena za kasamalidwe ka nkhokwe, mudzi wonse unkamvera za nkhokwe, ndi amene analibe chimanga omwe. Mabatire akafooka tinkawayanika padenga, ena n'kumawagogoda ndi mwala kuti atulutse kamphamvu kotsala. Ndiye inu mukamalira kuti magetsi athima foni isanadzaze, ine ndimangokuyang'anani.

Koma anthu olankhula m'menemo ntchito ankaidziwa. Mawu ankatuluka limodzilimodzi, osathamanga, Chichewa chosasakaniza. Akayamba kuwerenga mauthenga a maliro, amayi ankaimika misi, ana tinkasiya phokoso popanda wotiuza. Munthu ankamvera momwemo kuti amalume ake amwalira ku esiteti yakutali, n'kuyamba kufunafuna njinga yobwereka. Choipa chake chinali chimodzi: wailesi imeneyo inkalankhula yokha, sinkafunsa munthu. Ife ntchito yathu inali kugwedeza mutu. Ine ndinkaiyankha ndithu chamumtima, ndipo pobwerera kunyumba ndinkatengera mawu a owerenga nkhani mpaka anzanga kugwira nthiti. Mayi anga ankati pakamwa pangapa padzandidyetsa kapena padzandimangitsa. Mpaka lero sipanachite chilichonse mwa ziwirizi.

Kuno ndinabwera kudzakwatira agogo anu aakazi, awo akusenda mtedza pakhomo la khitchini ngati sakumva. Akumva zonse. Inu a masiku ano mumangotengana n'kukachita lendi m'tauni, chikamwini mumachimvera m'mabuku. Mkamwini amalima munda wa eni, amamanga nyumba pamalo a eni, ndipo ana amene wabereka ali ndi amalume awo owalamula. Pakagwa nkhani pamudzi, iye amakhala kumbuyo, kufupi ndi pamene aimika njinga. Akafuna kulankhula amayamba wapempha: kwa eni mudzi, kwa eni mbumba, kwa apongozi, kwa alamu, aliyense ndi ulemu wake. Akamafika pa mfundo, anthu amakhala atayamba kale kusasa fumbi m'mabuluku. Ine zimenezo ndinaziphunzira bwinobwino, moti anthu ankanditama kuti mkamwini wa kwa Nabanda ndi waulemu. Dzina langa lenileni sindikumbuka kuti analitchula liti komaliza. Ndinali mkamwini, kenako bambo a Joyisi, pano ndine agogo.

Andiseni anafika pambuyo panga. Makolo ake anachokera kummwera kudzagwira utenanti pa esiteti ina ya fodya cha ku Madisi, iye n'kukulira komweko. Anakwatira mng'ono wawo wa agogo anu, mayi a Tereza, n'kumanga tsidya la kanjiraka, apo mukuona mpapaya. Tinakhala akamwini awiri, nyumba zoyang'anana, apongozi amodzi. Poti tonse tinkalima fodya, tinamanga chigafa chimodzi chachitali n'kumagawana mikangala yopachikapo fodya.

Chigafa chimenecho ndiye linali bwalo langa. Mmenemo munalibe eni mbumba. Nyengo yosoka fodya tinkakhalamo tsiku lonse, mvula ikuwaza kunja, manja akuda ndi utomoni, kawailesi kakulendewera pamtanda. Wailesi ikanena, ine ndinkaiyankha mokweza, kuitsutsa, kuikonza, nthawi zina kuitukwana pang'ono. Andiseni sanali munthu wolankhula. Iye singano m'manja, mutu pansi, ndipo ndikapuma kuti ndimeze malovu ankangoti, “Pitirizani, akulu.” Ine n'kupitiriza. Ndinkayesa ndapeza munthu wokonda nzeru, ndipo ndinkamukonda chifukwa cha zimenezo.

Kenako nyengo inasintha, mawailesi n'kumera paliponse. Ya boma inalipobe, koma kunabwera zamalonda, zamipingo, ndi zina za m'madera. Ukapotokola pang'ono wapeza mlaliki, pang'ono wapeza mpira, pang'ono wapeza munthu akugulitsa mankhwala ochiza nthenda zonse mpaka kusowa banja komwe. Anyamata ake olankhula ngati akuthamangitsidwa ndi galu, Chizungu pakatikati, nthabwala kunena okha n'kuseka okha. Nyimbo isanathe aidula kuti akuuze za sopo. Zambiri mwa zimenezo sizinkandikomera, ndipo mpaka pano sizindikomera. Koma anabweretsa chinthu chimodzi chimene wailesi yakale ija inalibe. Ankafunsa. Tsiku loyamba kumva muulutsi akuti, “Inu omvera mukuti bwanji? Tiimbireni,” ndinasiya kusoka. Moyo wanga wonse ndinkadikira funso limenelo.

Koma foni inayamba kufika kwa Andiseni. Tereza atayamba ntchito anamutumizira bambo ake kafoni ka mabatani. Nthawi imeneyo netiweki kuno kunalibe, kupatula pamwamba pa chulu chachikulu cha kumunda kwa apongozi. Unkayenera kukwera mpaka pansonga, n'kuima osagwedezeka. Ine ndinkamuona akupita kumeneko m'mamawa n'kumaganiza kuti akukalankhula ndi mwana wake.

Chaka chimenecho feteleza amene tinkayembekezera anachedwa kwambiri. Chimanga chinali chitayamba kumasula, masamba achikasu, ndiye wailesi n'kumatiuza kuti tidekhe, ali m'njira. Ine m'chigafa muja ndinapsa mtima. Ndinati, “Feteleza wofika chimanga chitamasula si feteleza ayi, ndi chipepeso. Abwere nacho atavala zakuda, tiwalandirire pasiwa.” Andiseni sanadzutse mutu. Anangoti, “Pitirizani, akulu.”

M'mawa mwake ndikusukusula kuseri, ndinamva agogo anu akukuwa, “Bambo a Joyisi, thamangani! Alamu ali mu wailesi!” Ndinathamanga sopo ali kumaso. Inali pulogalamu yam'mawa ya wailesi ina yamalonda, yoyendetsa mayi wina wa mawu ozizira bwino. Ndipo ndinamva ndi makutu angawa: “Ndine Andiseni wa kwa Dzoole. Mayi, feteleza wofika chimanga chitamasula si feteleza ayi, ndi chipepeso.” Mpaka zovala zakuda, mpaka siwa, sanasiyeko kanthu. Mayi uja anaseka mpaka kutsamwa, n'kunena kuti, “Tabwerezani, bambo, ena sanamve.” Anabwereza. Onse oimba pambuyo pake ankangonena za chipepeso. Tsiku la msika ku Madisi ndinapeza ogulitsa tomato akuuzana mawu anga, wina n'kundifunsa ngati ndinamumva bambo wa kwathu uja.

M'mawa womwe anaimba uja ndinamuchingamira akutsika pachulu, mame mpaka m'maondo.

“Achimwene,” ndinatero, “mawu aja ndi a yani?”

“Ndi anu, akulu. Nanga ine ndingawatenge kuti?”

“Nanga bwanji simunanene kuti ndi anga?”

“Mayunitsi, akulu. Kumene kuja amafunsa dzina la woimba basi. Ukayamba kufotokoza za mkamwini mnzako amakudula.”

Anayankha maso ali gwa, opanda manyazi, ngati munthu wabwereka khasu ndipo abweza madzulo. Ndinapita kukadandaula kwa agogo anu, ndikuyesa andigwira mtima. Iwo osasiya n'kupeta komwe anati, “Nanga inu mawu anuwo mumauza ndani? Fodya? Fodya alibe makutu. Alamu angowatulutsa panja kuti apitidwe mphepo.” Mukuwaona akuseka uko? Mpaka lero mawu amenewo sanawabweze.

Kuyambira pamenepo zinangokhala choncho. Ndikanena m'chigafa kuti fodya wathu amachoka kuno ali bwinobwino n'kukadwalira kumsika, mawa lake zili mu wailesi. Ndikanena za mlatho wathu umene umagwira ntchito m'chilimwe mokha, mawa lake zili mu wailesi. Andiseni anayamba kuimba kulikonse, ku wailesi yamalonda m'mawa, ku ya boma masana pa pulogalamu ya alimi, ndipo aulutsi ankangomva kutsokomola kwake n'kudziwa kuti ndi iye. Ankati, “Tiwalandire a Andiseni a kwa Dzoole, lero atibweretsera chiyani?” Chimene anabweretsa ndinali nditachinena ine dzulo lake, ndili ndi utomoni m'manja.

Chinandipweteka kwambiri si wailesi ayi, koma zimene zinachitika pamudzi pano. Pamaliro anayamba kumuikira mpando kutsogolo. Mkamwini, kutsogolo! Nkhani ikavuta, eni mbumba omwe aja ankati, “Tatiyeni timveko kwa a Andiseni.” Iye ankaimirira, n'kukanda m'mutu, n'kunena timawu tiwiri topanda mchere, chifukwa nkhaniyo sinadutse m'chigafa. Anthu n'kumagwedezabe mitu kuti koma ndiye akuya. Ine ndili kumbuyo ndi njinga, mfundo zikundiyabwa pakhosi.

Ulendo wina tinakwera limodzi minibasi ya ku Dowa Boma. Andiseni anangofunsa kuti galimoto inyamuka nthawi yanji, kondakitala n'kutembenuka. “Mawu amenewa ndikuwadziwa. Si inu a Andiseni a kwa Dzoole? Adalaivala, taonani amene takweza! Bwerani kutsogolo, bwana.” Ine anandikankhira kumbuyo kwenikweni, maondo pachibwano, thumba la mbatata pamapazi. Njira yonse anthu ankamukumbutsa mawu anga amene anawakonda. Titayandikira kutsika, mayi wina anatembenuka n'kundiuza mwachifundo kuti, “Muli ndi mwayi, bambo, kuyenda ndi munthu wanzeru chonchi. Muziphunzirako.” Ndinayankha kuti zikomo, ndikuyesetsa.

Ndinaganiza zomumana. Ndinalumbira kuti m'chigafa sindidzatsegulanso pakamwa, tione ngati chulu chimabereka nzeru. Ndinapirira m'mawa wonse. Wailesi inanena zopusa zingapo, ine chete, kumangoluma mlomo. Andiseni osafunsa kanthu, singano ikungoyenda. Dzuwa litafika pamutu, pa wailesi panabwera katswiri wina wa mu ofesi kudzatiphunzitsa kuti mlimi azipuma mokwanira masana, makamaka nyengo yokolola. Ana inu, ndinaphulika. Ndinalankhula mpaka mawu kusasa, ndipo mawa lake dziko lonse linaseka katswiri uja kudzera pakamwa pa Andiseni.

Pano ndinene chilungamo, ngakhale chikundiwawa, poti Tadala wabwera kudzafuna mbiri yake. Munthu uja anali ndi luso lake. Ankadziwa kudula. Ine nkhani ndimaiyambira ku Ntchisi, monga mwaonera, koma iye ankataya makoko onse n'kutenga njere yokha. Ankadziwa kupirira, kuimba n'kuimbanso foni ikukana, chala mpaka kuchita chikanga. Ankadziwa kuti wailesi uyenera kuisiya kunyumba, chifukwa ukakwera nayo pachulu imalira mluzu n'kukusokoneza. Moni wake unali waufupi. Zimenezo sindinamuphunzitse ine. Ulembe choncho, koma usachulutse.

Mwina mukufunsa kuti nanga agogo, bwanji simunangoimba nokha? Mphatso akuseka chifukwa anamva kale kwa anzake. Ndinaimba. Chaka china nditagulitsa soya ndinagula foni yanga, n'kuthiramo mayunitsi. Ndinadzuka Andiseni asanadzuke, ndinavala jekete la kutchalitchi, n'kukwera chulu. Mfundo ndinali nditaikonza bwino, yokhudza mbewu zabodza zimene zinadzaza m'misika. Ndinaimba, kukana. Ndinaimbanso, kukana. Kenako ndinangomva mawu a mayi wa pa wailesi uja m'khutu mwangamu: “Muli pa wailesi, tiuzeni dzina lanu ndi kumene mukuimbira.”

Simungadziwe mmene zimakhalira. Umamva ngati dziko lonse, kuyambira kumpoto mpaka kummwera, lakhala pansi pabwalo limodzi, ndipo lakutembenukira iwe. Ndinavula chipewa. Ndili ndekhandekha pachulu, ndinavula chipewa. Ndipo pakamwa panga panachita zimene panazolowera zaka zonse zija.

“Zikomo kwambiri, mayi. Ndisananene kanthu, ndiyambe ndapereka ulemu kwa eni dera lino, kwa eni mudzi umene ndikukhalamo, kwa eni mbumba a kwa Nabanda amene anandilandira ndili mlendo, kwa apongozi anga ngakhale anatisiya...”

“Bambo, dzina lanu ndani?”

“Ndikufika komweko, mayi. Kwa abusa ndi akulu a mpingo, kwa alamu anga onse, kuyambira aakulu...”

Foni inalira kawiri n'kukhala zii. Mayunitsi anali atatha. Musaseke kwambiri, ana inu. Chulu chimene ndinaimapo chinali cha m'munda wa apongozi. Ndikanayamba bwanji kulankhula kwa anthu ochuluka choncho, nditaima pa dothi la eni, osapempha kaye?

Mudzi wonse unamva. Ana anayamba masewera atsopano, kukwera pachitsa n'kumakuwa kuti “kwa eni dera lino!” Alamu anga okha ndi amene anakondwa, akuti sanaganizepo kuti adzatchulidwa pa wailesi. Andiseni sanaseke. Anabwera madzulo n'kunena kuti, “Mawu anu amamveka bwino mu wailesi, akulu, kuposa anga. Mawa tipitire limodzi, ndikakugwirireni foni.” Akanandiseka bwenzi zili bwino. Chifundo chakecho ndiye chinandimaliza, ndipo sindinapite. Foni ija ndinaisandutsa tochi yoyendera kukhola.

Ndisanaiwale, Tadala, za podikasiti zakozi. Mphatso anandimvetsera ina tsiku lina. Anyamata awiri anakhala akuseka nthawi yokwanira kupsa nyemba, ndipo mpaka pano sindikudziwa chimene chinawaseketsa. Ina inali yabwino ndithu, mtsikana wina akufunsa namwino wopuma ntchito, modekha, osamulowa m'kamwa. Chimene ndakonda n'chakuti m'menemo mulibe wokudula, mulibe sopo wolowerera nkhani ili pakati. Munthu ngati ine akanabadwira nyengo ino, mwina akanafika pa mfundo. Koma chimene sindikumvetsa n'chakuti aliyense amamvera yekha, timawaya m'makutu, ngati akudya mobisa. Ife wailesi tinkamvera pagulu, wina akatsutsa wina n'kuvomera. Nanga mawu omvera wekha angafike bwanji kwa ogulitsa tomato?

Tsopano ndifike pa za chaka chino. Mwezi wa Juni, kukuzizira, Andiseni anagwa kudimba akuthirira mpiru. Amene anamupeza ndi mayi a Tereza. Ndine ndinamanga ng'ombe pangolo, ndine ndinamugwirira mutu njira yonse mpaka tinapeza galimoto ya ku chipatala ku Madisi, ndipo ndinachita mantha kuposa mmene ndinachitirapo. Anati ndi sitiroko. Anabwerako mbali yakumanja itafa, kamwa litapotoka, mawu atapita. Amamva zonse, maso amayenda, koma lilime linakana.

Mukuganiza kuti nsanje inathera pomwepo? Ayi ndithu. Patapita masabata, mayi wa pa wailesi uja anayamba kufunsa: “A Andiseni a kwa Dzoole, muli kuti? Takusowani.” Anthu n'kumaimba kuchokera ku Karonga, ku Nsanje, ku Mchinji, kufunsa ngati ali bwino. Ine ndili pakhonde pano, lilime langa lili lonse, ndikumvera dziko likufunafuna munthu wosalankhula. Ndinkachita manyazi ndi mtima wanga, koma unkawawabe.

M'mawa wina mayi a Tereza anabwera ndi kafoni ka mabatani kaja m'manja. Anati, “Alamu, anthu akuvutika kufunsa. Kawauzeni ndinu. Nambala iyi a ku wailesi amaidziwa, amayankha msanga.” Masiku ano netiweki imafika mpaka kuchipinda, koma Andiseni sanasiye kuimbira pachulu, ndiye nanenso ndinatenga ndodo. Ndikutuluka, agogo anu anandikuwira kuti, “Chipewa chisachoke kumutu, ndipo amayi muwasiye agone!”

Ndinakwera mokwawa, maondo akulira. Foni inangoitana kamodzi.

“Aa, a Andiseni! Munasowera kuti, bambo athu?”

“Si iwo, mayi. Ndine mnzawo, nyumba zathu n'zoyang'anana.”

Ndinafotokoza za matenda mwachidule, monga akanachitira mwini wake. Chipewa chili kumutu. Mayi uja anadandaula kwambiri, n'kupempha omvera kuti awakumbukire m'mapemphero. Kenako anati, “Poti muli pomwepo, bambo, lero tikukambirana za achinyamata amene akusiya minda n'kupita kunja kukafuna ntchito. Ena akuti ndi ulesi. Inu mukuti bwanji?”

Funso lija linafika, la ine ndekha. Sindinapemphe kwa aliyense. Ndinati, “Mayi, ana athu sakuthawa khasu ayi. Anationa ife tikulima fodya moyo wathu wonse, kenako anayang'ana nsapato zathu. Amene akuti ndi ulesi abwere kuno adzaone kaye nsapato za abambo awo, akatero akafunse bwino.”

Mayi uja anaseka kuseka komwe kuja kwa tsiku la chipepeso, n'kunena kuti, “Ee, koma kukhala pafupi ndi a Andiseni n'kwabwino! Mwatengera ndithu kalankhulidwe kawo, ngati ndikumva iwo amene. Omvera, amenewo anali mnzawo wa a Andiseni. Mukawapatse moni, bambo.” Foni n'kuduka. Mayunitsi analimo ambirimbiri. Dzina sanandifunse.

Ndinakhala pachulu paja mpaka nyerere zinandikumbutsa kuti si pakhomo panga. Nditatsika sindinabwere kuno. Ndinalunjika kwa Andiseni, ndipo cholinga changa chinali kukazazira munthu wodwala. Ndinamupeza pamphasa pakhonde, atamutsamiritsa kukhoma, wailesi ili pafupi ndi khutu lakumanzere. Thupi lonse linkagwedezeka. Ndinayesa matenda abwereranso, koma ayi, ankaseka. Kuseka ndi mbali imodzi ya kamwa, misozi ikutsika.

“Mwamva?” ndinakuwa. “Akuti ndatengera inu! Ine! Mawu anga omwe, lero ndabwereka kwa inu!”

Ndinamukhuthulira zonse. Za chipepeso, za mpando wa pamaliro, za mbatata za mu minibasi, za mayi wondiuza kuti ndiziphunzirako. Ndinamuuza kuti anandidyera dzina ndili moyo. Nkhuku zinathawa pabwalo, mayi a Tereza anangoima pakhomo atagwira kukamwa. Mpweya utandithera ndinaima kuti ndipume. Pamenepo ndinaona milomo yake ikulimbana. Inalimbana nthawi yaitali, malovu akudontha, khosi litatupa mitsempha. Munthu amene sanatulutse liwu chigwereni kudimba.

“Pi... pitirizani... akulu.”

Mayi a Tereza analira mokweza. Ine ndinakhala pansi pamphasa pomwepo. Ndipo poti anandiuza kuti ndipitirize, ndinapitiriza.

Chiyambire tsiku limenelo ndimapita m'mawa uliwonse. Wailesi imanena, ine ndimaiyankha, iye amamvera. Mawu ena sanabwererebe, ndi awiri omwewo basi. Agogo anu ndikayamba kulankhula amakumbukira kuti pamoto pali madzi. Inu ana mumayang'ana m'mafoni, musakane, Mphatso wayang'anamo kangapo chikhalireni pano. Munthu amene anandibera mawu ndi yekhayo amene anawamverapo mpaka kumapeto, n'kuwasunga osataya ndi limodzi lomwe. Zimenezi zimandikwiyitsa kuposa zonse, chifukwa ndilibe kwina kopita nawo. Ndipo alendo akabwera pamudzi pano amafunsabe nyumba ya a Andiseni. Ngakhale mdzukulu wanga weniweni, amene ndinamunyamula ali wofiira, wabwera ndi fumbi lake kudzafunsa za a Andiseni.

Tadala, bwanji ukuyang'ana foniyo choncho? Chafiira n'chiyani? Batire? Yatsala pang'ono bwanji? Ayi, ayi, usaigwire, isiye pomwepo. Zachitikanso! Mphatso, khala chete. Eni mudzi andikhululukire, lero sindipempha.

Dzina langa ndine Layisoni Kambalame. Kwathu ndi ku Ntchisi. Mawu a chipepeso aja ndi anga, a nsapato aja ndi anganso.

Zalowa? Tabweza pang'ono ndimve. Ameneyo ndi ine? Koma ndiye Andiseni sananame, mawu anga amamvekadi bwino. Dzinalo uliike koyambirira, lisakhale kumapeto kumene anthu amakhala atatopa. Ndipo usatumize kaye kwa anzako a ku Lilongwe. Kwa mayi a Tereza kuli sola, tikatchajire komweko. Ukaiike kukhutu lakumanzere la Andiseni, ukweze mpaka pamapeto, amve dzina langa likutuluka mu wailesi iye ali chete. Ndikufuna ndikamuone nkhope.

Ndipatse ndodoyo, Mphatso. Tiyeni msanga, nthawi ino amakhala akundidikira.